Msewu wa Bloomfield ndi Nyama za m'Nkhalango ya Daintree: Mafunso ndi Mayankho

Kumpoto chakum'mawa kwa dziko la Australia, m'chigawo cha Queensland, kuli nkhalango yowirira yotchedwa Daintree. Mitengo yake imatsika m'mapiri mpaka kukafika pamchenga wa m'mphepete mwa nyanja yamchere. M'kati mwa nkhalangoyi mumadutsa msewu wadothi wa Bloomfield, womwe eni magalimoto amphamvu amaulakalaka, koma womwe anthu ena anaukana mpaka kumangidwa ndi apolisi pamene unkalambulidwa.

Kodi malowa ali pati, ndipo munthu amafikako bwanji?

Ulendo umayambira mumzinda wa Cairns. Kuchoka kumeneko msewu watala umalowera kumpoto motsata gombe, kudutsa tawuni ya Mossman ndi minda yake, mpaka pamtsinje wa Daintree. Pamenepo palibe mlatho. Magalimoto amawoloka pa pantoni yoyenda pa zingwe, ndipo akangotsika tsidya linalo nkhalango imawatsekera mbali zonse. Tala amapitirira mpaka ku Cape Tribulation, makilomita pafupifupi 140 kuchokera ku Cairns, ndipo mpaka apa galimoto wamba imafika bwinobwino.

Msewu wa Bloomfield umayambira pamene tala wathera. Ndi wa makilomita pafupifupi 30 okha, ndipo umakathera kumudzi wa Wujal Wujal pamtsinje wa Bloomfield. Amene akupitirira amakafika ku Cooktown, makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Cape Tribulation. Mayina awiriwa ali ndi mbiri imodzi: mu June 1770 sitima ya James Cook, yotchedwa Endeavour, inagunda matanthwe a pansi pa nyanja kufupi ndi gombeli, ndipo anakaikonzera pamalo pomwe lero pali tawuni ya Cooktown. Mtsinje wa Daintree unapatsidwa dzinalo mu 1873 polemekeza katswiri wa miyala Richard Daintree.

Nkhalango zilipo zambiri padziko. Iyi yasiyana pati?

Yasiyana pa ukale wa zomera zake. Mitundu ina ya mitengo ya kuno inachokera kumakolo amene ankamera nthawi yomwe Australia, Africa, South America, India ndi Antarctica zinali mtunda umodzi wotchedwa Gondwana. Mbali yaikulu ya Australia itauma n'kusanduka chipululu, kagawo aka ka mapiri kanapitiriza kulandira mvula, ndipo zomera zakalezo zinapulumukira momwemo.

Chitsanzo chodziwika ndi mtengo wa Idiospermum australiense. Akatswiri anauona koyamba kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, kenako unasowa m'maso mwawo, ambiri n'kumaganiza kuti unatha. Unapezekanso kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 ng'ombe za mlimi wina wa m'derali zitafa, ndipo m'mimba mwake munapezeka njere zikuluzikulu zapoizoni. Njereyo ndi yaikulu ngati nkhonya ya munthu. Mbewu zambiri zamaluwa zimamera ndi tsamba limodzi kapena awiri oyambirira, koma iyi imagawika zigawo zinayi kapena kuposerapo.

Daintree ndi mbali ya dera lotchedwa Wet Tropics of Queensland, lomwe bungwe la UNESCO linaliika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 1988. Derali ndi lalikulu masikweya kilomita pafupifupi 8,900, kachigawo kochepetsetsa ka Australia, komabe muli mitundu pafupifupi 40 mwa 100 iliyonse ya mbalame za dzikolo ndi pafupifupi 60 mwa 100 ya agulugufe ake. Panyanja moyang'anizana nalo pali matanthwe a makorali otchedwa Great Barrier Reef, omwe analowa m'kaundula yemweyo mu 1981.

N'chifukwa chiyani msewuwu unabutsa mkangano?

Chifukwa unadulidwa m'kati mwa nkhalango yomwe boma linali litangoiteteza mu 1981. Khonsolo ya Douglas Shire, mothandizidwa ndi boma la Queensland, inatumiza akatapila kumapeto kwa 1983. Otsutsa anaima kutsogolo kwa makinawo. Ena anakwera m'mitengo n'kukhala momwemo, ena anadzimanga ndi maunyolo, ndipo ena anadzikwirira m'dothi kungosiya mutu. Apolisi anagwira ambiri, ntchito inaima nyengo yamvula, n'kuyambiranso mu 1984, ndipo msewu unatsegulidwa mu October chaka chomwecho.

Nkhaniyi siyenera kufotokozedwa ngati kuti mbali imodzi yokha ndiyo inali ndi nzeru. Anthu ambiri okhala kumpoto, kuphatikizapo ena a ku Wujal Wujal, ankaufuna msewuwo chifukwa unkafupikitsa ulendo wopita kwa abale, kuchipatala ndi kumisika. Otsutsawo nawonso sankanama: mvula itagwa, dothi lofiira la m'mbali mwa msewu linkakokolokera m'mitsinje mpaka kukadetsa madzi a m'nyanja pomwe pali makorali. Analephera kuletsa msewu, koma zithunzi za mkanganowo zinafalikira dziko lonse, ndipo boma lalikulu la Australia linapititsa derali ku UNESCO ngakhale kuti boma la Queensland linkakana mpaka kukafika nazo kukhoti.

Makilomita 30 ndi ochepa. Chovuta chili pati?

Chili pa zitunda ndi pamadzi. Msewu unadulidwa molunjika pamwamba pa mapiri m'malo mokhotakhota nawo, motero zitunda za Donovan Range ndi Cowie Range ndi zoimirira kwambiri. Pena msewu umakwera pafupifupi mita imodzi pa mamita atatu alionse. Malo oipitsitsa anawathira konkire, komabe woyendetsa akafika pamsonga amaona boneti ndi thambo basi, osadziwa ngati kutsidyako kukubwera galimoto ina.

Pachifukwa ichi pamafunika galimoto yokoka ndi mateyala onse anayi, yotalika kuchokera pansi, ndiponso yokhala ndi magiya ake aang'ono amphamvu. Giya imeneyi imalowetsedwa munthu asanayambe chitunda, osati ali pakati pake. Potsika, injini ndiyo igwire galimoto. Wodalira buleki yokha amaitenthetsa mpaka kusiya kugwira, ndipo pa katondo wonyowa teyala lomangika silimvera chiwongolero, limangotsetsereka. Ambiri amachepetsako mpweya m'mateyala kuti agwire bwino miyala, ndipo amayatsa nyale ngakhale masana chifukwa cha mthunzi ndi fumbi. Kukoka kalavani pamsewuwu n'kudziputira mavuto. Makampani ambiri obwereketsa magalimoto salola kuti galimoto zawo wamba zidutse kumeneko, ndiye wobwereka awerenge mgwirizano wake asananyamuke. Ku Australia amayenda kumanzere ngati ku Malawi ndi ku Zambia, choncho mbali imeneyo sivuta.

Palinso msewu wina wovuta kuposa uwu, wotchedwa CREB Track, womwe unalambulidwa ndi bungwe la magetsi la Cairns potsata mapolo ake. Umachoka pafupi ndi mudzi wa Daintree kudzera m'mapiri a kumtunda mpaka kufupi ndi Wujal Wujal. Dothi lake ndi katondo yekhayekha, moti kamvula kochepa kamakwanira kusowetsa mtendere oyendetsa odziwa. Amautseka nyengo yamvula, ndipo si wa munthu woyenda yekha.

Mtsinje amauwoloka bwanji pagalimoto?

Lamulo lodziwika kwa oyendetsa m'tchire ndi lakuti munthu atsike, alowe m'madzi wapansi ndi kuyeza kuya kwake. Ku Daintree lamuloli silingatsatidwe mwachimbulimbuli, pakuti mitsinje yotsikira kunyanja ikhoza kukhala ndi ng'ona. Choncho woyendetsa amaima patali, amayang'ana liwiro la madzi ndi mtundu wake, ndipo ngati n'kotheka amadikira kuona galimoto ina ikuwoloka. Malo oyamba oyesera munthu ndi mtsinje wa Emmagen, makilomita ochepa kuchokera ku Cape Tribulation. Nyengo yadzuwa madzi ake amakhala oyera moti miyala yapansi imaoneka umodziumodzi. Mvula ikagwa kumapiri, madzi omwewo amasanduka ofiira ndi aukali m'kanthawi kochepa, ngakhale pamalopo pasanadonthe kanthu.

Madzi akakhala otheka, galimoto imalowa ndi giya yaing'ono pa liwiro limodzi, popanda kusintha giya pakati pamtsinje. Kuthamanga kumakankhira madzi m'njira ya mpweya ya injini, ndipo injini ikamwa madzi ndiye kuti ulendo wathera pomwepo. Ikatuluka, woyendetsa amaponda buleki pang'onopang'ono kangapo kuti iume. Madzi akakhala ambiri, chochita ndi kudikira basi. Mitsinje ya kuno ndi yaifupi ndi yotsetsereka, imadzaza msanga ndipo imaphweranso msanga. Pamtsinje wa Bloomfield, pomwe kale anthu ankadikira kuti madzi a m'nyanja abwerere, tsopano pali mlatho.

Nyengo yabwino ndi iti?

Nyengo za kumeneko zikufanana ndi za ku Malawi: mvula kuyambira December mpaka April, chisanu chapakati pa chaka, ndi kutentha chakumapeto. Kusiyana kuli pa kuchuluka kwa madzi. Cape Tribulation imalandira mamilimita pafupifupi 4,000 pachaka, kuwirikiza kanayi kapena kuposa zomwe Lilongwe imalandira. Miyezi ya June mpaka October ndiyo yodalirika pa msewu. Kumpoto kwa mtsinje wa Daintree nyumba zambiri zilibe magetsi a mapolo, netiweki ya foni imasowa malo ambiri, ndipo malo omwetsera mafuta ndi owerengeka, motero thanki idzazidwe munthu asanafike pa pantoni.

Kodi nyama zimaoneka munthu ali m'galimoto?

Zochepa kwambiri, ndipo ichi n'chimene chimakhumudwitsa alendo ozolowera malo ngati Liwonde kapena South Luangwa, komwe njovu ndi mbawala zimaonekera patali. M'nkhalango yowirira maso safika mamita 20. Nyama zambiri ndi zazing'ono, zimakhala m'mwamba m'mitengo, ndipo zimayenda usiku. Galimoto imangofikitsa munthu pamalo. Kuona kwenikweni kumayamba injini ikazimitsidwa.

Pakati pa pantoni ndi Cape Tribulation pali tinjira tamatabwa ta oyenda pansi ku Jindalba, Madja ndi Dubuji. Woyenda mwakachetechete m'mamawa akhoza kuona musky rat-kangaroo, kanyama kofiirira kakang'ono kwambiri m'banja lonse la kangaroo, kakufukula masamba kufuna zipatso. Pathunthu la kamtengo kowonda, cha m'mapewa mwa munthu, pamakhala buluzi wotchedwa Boyd's forest dragon. Sasuntha, ndipo munthu akamuyandikira amangozungulira kuseri kwa thunthu pang'onopang'ono, moti anthu khumi akhoza kumudutsa osamuona. Gulugufe wa Ulysses yekha ndiye sabisala: mapiko ake obiriwira ngati thambo amang'anima pamwamba pa msewu. Cha mu November kumafika mbalame ya mtundu wa kingfisher yamchira woyera wautali kuchokera ku New Guinea, ndipo imaboola chisa chake m'zulu zing'onozing'ono za chiswe.

Palinso kangaroo wokwera mitengo wotchedwa Bennett's tree-kangaroo, amene padziko lonse amapezeka kokha pakati pa mtsinje wa Daintree ndi dera la kumwera kwa Cooktown. Kumuona ndi mwayi waukulu. Nthawi zambiri chomwe chimamuulula ndi mchira wake wautali wolendewera pakati pa masamba. Maulendo ausiku okhala ndi wolondolera wa m'deralo amaonetsa zambiri kuposa tsiku lonse la pagalimoto: achule, nsato, mileme ikuluikulu yodya zipatso ndi tinyama tina ta m'mitengo.

N'chifukwa chiyani zikwangwani zambiri zikunena za cassowary?

Chifukwa ndiyo mbalame imene nkhalangoyi imadalira, ndipo magalimoto ndi amene akuipha kwambiri. Cassowary ndi mbale wa nthiwatiwa ndipo siuluka. Ikaimirira imatalika mpaka mamita 1.8, ndipo yaikazi, yomwe ndi yaikulu kuposa yaimuna, imalemera makilogalamu 60 kapena kuposa. Nthenga zake ndi zakuda zonga tsitsi, khosi lake ndi lobiriwira ngati thambo ndi lofiira, ndipo pamutu ili ndi chipewa cholimba. Yaikazi ikaikira mazira obiriwira atatu mpaka asanu imachoka. Yaimuna ndiyo imafungatira masiku pafupifupi 50, n'kuyenda ndi anapiye amizeremizere kwa miyezi pafupifupi isanu ndi inayi.

Ntchito yake m'nkhalango imaoneka pa ndowe zake. Munthu akapeza panjira mulu waukulu wa njere zosasweka, wothimbirira ndi madzi a zipatso, adziwe kuti cassowary yadutsa. Imameza zipatso zathunthu, kuphatikizapo zazikulu zomwe nyama ina iliyonse ya kumeneko singameze, n'kukazitaya patali, nthawi zina kumtunda kwa phiri komwe njere yokha singakwere. Popanda mbalameyi njere za mitengo yoteroyo zikanangogwera pansi pa mayi wake. M'dera lonse la Wet Tropics zatsala pafupifupi 4,000.

Msewu umadula njira zomwe mbalamezi zimayendamo, ndipo siziopa galimoto. Choopsa kwambiri ndi chakuti yaimuna ikawoloka, anapiye amabwera pambuyo patapita kanthawi, woyendetsa ataganiza kuti njira yatseguka. N'chifukwa chake pamsewu wa ku Cape Tribulation pali mabampu ndi malire a liwiro otsika. Agalu ndi nkhumba zolowerera m'tchire amawonjezera vutolo.

Kodi ndi zoona kuti mbalameyi imapha anthu?

Ikhoza, koma sizichitika kawirikawiri. Chala chake cham'kati chili ndi chikhadabo chowongoka chofika masentimita 12, ndipo imamenya ndi mwendo kutsogolo. Mu 1926 mnyamata wa zaka 16 anafa kufupi ndi Mossman pamene ankalimbana nayo n'kugwa pansi. Kafukufuku amene Christopher Kofron anasindikiza mu 1999 anapeza kuti mwa anthu 150 amene anaukiridwa ku Queensland, pafupifupi atatu mwa anayi alionse anaukiridwa ndi mbalame zomwe zinazolowera kupatsidwa chakudya ndi anthu. Kuidyetsa ndi mlandu, ndipo ndi nkhanza kwa mbalameyo, chifukwa imayamba kudikira zakudya m'mbali mwa msewu momwe imakagundidwa. Wokumana nayo wapansi asathawe. Abwerere chambuyo pang'onopang'ono ataiyang'ana, n'kuika mtengo kapena chikwama pakati pa iye ndi mbalameyo.

Nanga ng'ona?

Ya kuno si ija ya mumtsinje wa Shire ku Malawi. Ndi ng'ona ya m'madzi amchere, yaikulu kuposa zokwawa zonse zamoyo, ndipo zamphongo zina zimapitirira mamita asanu. Dzinalo lisapusitse munthu: imakhala m'mitsinje ya madzi abwino, m'madambo ndi m'nyanja momwe, ndipo imayenda kuchoka pamtsinje wina kupita pa wina motsata gombe. Alenje anatsala pang'ono kuzimaliza chifukwa cha zikopa, mpaka Queensland inaziteteza mu 1974, ndipo kuyambira pamenepo zachulukanso.

Njira yabwino yozionera ndi pabwato la olondolera pamtsinje wa Daintree, makamaka miyezi yozizira madzi a m'nyanja akabwerera, pamene zimatuluka kukawothera dzuwa pamatope. Boma limalangiza kuima mamita osachepera asanu kuchokera m'mphepete mwa madzi, kusamanga tenti pafupi ndi mtsinje, ndi kusataya zotsala za nsomba pagombe. Mu 2016 mayi wina anagwidwa ndi ng'ona ku Thornton Beach atalowa m'nyanja usiku. Magombe a kuno ndi okongola ndipo nthawi zambiri alibe anthu, koma si osambira.

Pali zina zoopsa zomwe sizioneka msanga?

Chilipo chitsamba chotchedwa gympie-gympie, cha masamba aakulu ooneka ngati mtima, okutidwa ndi tiubweya tosaoneka bwino. Wodziwa chitedze ali ndi poyambira, koma ululu wa ichi ndi woposa kutali, ndipo umatha kubwerera kwa miyezi malo olumidwawo akanyowa. Chimakonda pomwe dzuwa lalowa m'nkhalango, ndiye kuti m'mbali mwa misewu ndi tinjira, malo enieni omwe woyendetsa amatsikira kukadzithandiza. Kulinso zingwe zaminga zolendewera zomwe zimakola zovala ndi khungu, misundu ya pamasamba onyowa, ndi nkhupakupa. M'nyanja, kuyambira November mpaka May, mumakhala box jellyfish, kanyama koonekera ngati madzi kamene ululu wake ukhoza kupha munthu m'mphindi zochepa. Pamagombe ambiri amaikapo mabotolo a viniga othira pamalo olumidwa.

Kodi magalimotowo sawononga nkhalango yomwe alendo akudzaona?

Amawononga, ndipo n'kulakwa kubisa zimenezi. Kupatula nyama zogundidwa, msewu umang'amba denga la masamba n'kulowetsa dzuwa ndi mphepo youma, ndipo udzu wachilendo umamera m'mbali mwake. Nyama za m'mitengo zomwe sizikonda kutsika pansi zimasiyanitsidwa ndi zinzake za tsidya lina. Matope omata pansi pagalimoto amanyamula njere, nyerere zachilendo ndi tizilombo towoletsa mizu ya mitengo monga Phytophthora cinnamomi, n'chifukwa chake kutsuka galimoto musanalowe ndi mukatuluka si nkhani ya ukhondo chabe. Woyendetsa amene akakamira kudutsa msewu utafewa amakumba mikwasa yomwe mvula yotsatira imaisandutsa zigwembe, dothi lonselo n'kutsikira kumakorali.

Kumbali ina, ndalama za alendo ndi zimene zinalowa m'malo mwa kudula mitengo, komwe kunaletsedwa m'derali chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Malo ena omwe kale anagawidwa kukhala mapuloti akhala akugulidwanso ndi boma ndi mabungwe kuti abwerere kukhala nkhalango.

Dzikoli eni ake ndani?

Ndi anthu a Eastern Kuku Yalanji, omwe akhala kumeneko zaka zikwizikwi azungu asanafike. Wujal Wujal, womwe kale unali mishoni ya mpingo wa Lutheran, ndi mudzi wawo. Mu September 2021 boma la Queensland linawabwezera mahekitala oposa 160,000, kuphatikizapo Daintree National Park, ndipo tsopano amayang'anira malowo mogwirizana ndi boma kudzera m'bungwe lawo la Jabalbina. Kwa mlendo izi zikutanthauza kuti akuyenda m'dziko la eni. Malo ena ndi opatulika ndipo safikidwa popanda chilolezo, ndipo m'dera la mudziwo muli malamulo okhwima a mowa. Pamathithi a Wujal Wujal ndi ku Mossman Gorge pali olondolera achi Kuku Yalanji amene amafotokoza zomera, nyengo ndi mbiri ya malowo monga anazilandirira kwa makolo awo.

Kodi msewuwu umakhala wotsegula nthawi zonse?

Ayi. Pa 13 December 2023 namondwe wa Jasper anafika pamtunda kufupi ndi Wujal Wujal, kenako anaima pamwamba pa derali masiku angapo akukhuthula mvula. Malo ena analandira mamilimita oposa 2,000 m'sabata imodzi. Anthu ena anagona pamadenga a nyumba kudikira thandizo, ndipo pafupifupi mudzi wonse unasamutsidwa pa helikopita kupita ku Cooktown, komwe anthu anakhala miyezi ingapo. Mapiri anagumuka n'kukwirira misewu, Cape Tribulation inadukiratu kwa ena onse, ndipo msewu wa Bloomfield unatsekedwa kwa miyezi. Ngakhale m'chaka chopanda namondwe, mtengo umodzi wogwa kapena mvula ya usiku umodzi zimakwanira kuutseka. Khonsolo ya Douglas Shire imalengeza momwe msewu ulili, ndipo ukakhala wotseka, wopita ku Cooktown amadzera msewu watala wa kumtunda wotchedwa Mulligan Highway, ulendo wa makilomita pafupifupi 330 kuchokera ku Cairns.